Gasi wa mu AC satha ngati mafuta a galimoto

Ambiri amaganiza kuti mdani wamkulu wa bizinesi yoika ndi kukonza ma AC ndi mafiriji ndi kuthimathima kwa magetsi. Kwa ine, mdani weniweni ndi mawu akuti "tangothirani gasi basi."

Gasi uja amangozungulira m'mapaipi otsekeka, sapsa. Akachepa ndiye kuti pena pake pakutuluka, ndipo kawirikawiri pamakhala pa flare, pomwe paipi ya kopa imamangidwa ku makina a panja. Mmisiri woona amayamba wapopera nitrogen, n'kupaka thovu la sopo m'malumikizano kuti aone pomwe pakufufuma. Akapapeza amadula flare yong'ambikayo n'kupanga ina, kenako vacuum pump iyambe kulira mpaka geji ifike pa ma micron 500, kuti mpweya ndi chinyezi zituluke. Gasi amalowa pomaliza, pa sikelo, magalamu ake omwe alembedwa pambali pa makinawo. Ntchito ya theka la tsiku imeneyo.

Mnzake wongothira gasi amafika pa kabaza ndi silinda imodzi, mphindi khumi watha, mtengo wake theka. Kasitomala asankha uti? Ndiye pakapita miyezi iwiri AC ikuuzira mpweya wofunda. Choipa kwambiri n'choti gasi wobwerera ndi amene amaziziritsa kompresa, choncho ikamayenda gasi ali wochepa imatentha mpaka kupsa. Apo ndiye kasitomala amakumbukira nambala ya uja anamuona ngati wodula.

Kusakaniza gasi nakonso kwapha makina ambiri. R22 ndi R410A, mitundu iwiri ya gasi wa mu AC, sizigwirizana, mafuta a kompresa ndi osiyana, mphamvu yake yokankha ndi yosiyananso. R410A imathiridwa ili yamadzi, silinda itazondoka. R600a ya m'mafiriji atsopano imayaka, ndiye wowotcherera paipi gasi asanatuluke akuseweretsa nkhope yake. R22 payokha ikutha pamsika pang'onopang'ono chifukwa cha pangano la Montreal Protocol, koma m'maofesi akale makina ake adakali mbwee.

Za ndalama ndiye musanene. Kopa, gasi, kompresa, ma capacitor, zonse n'zochokera kunja, ku South Africa, Dubai kapena China. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, amene anali atapereka quotation asanagule katundu anagwira ntchito yaulere. Quotation izikhala ya masiku asanu ndi awiri basi, ndipo ndalama ya katundu izibwera ntchito isanayambe. Maofesi akuluakulu amalipira patapita miyezi, atadulanso withholding tax, pomwe anyamata ako akufuna zawo Lachisanu.

Nyengo nayo ndi ina. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa foni siikhala chete. Juni ndi Julayi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu kuli zii, poti ndi ochepa amene amagula makina otenthetsa nyumba, amangofunda bulangete. Amene amapulumuka ndi omwe ali ndi mapangano a service miyezi itatu iliyonse, kutsuka ma filter, kuchapa fumbi pa condenser ya makina a panja, kutsegula paipi yotulutsa madzi, komanso osamalira ma cold room a mabutchala ndi a nsomba ku Mangochi ndi Salima.

Magetsi ndawachepetsa poyamba paja, koma nawo amaluma. Akabwera ndi mphamvu yochepa kapena yopyola, board ya inverter yoyendetsa kompresa imapsa, ndipo kasitomala amati warranty. Musayatse makina popanda AVS, kachipangizo koteteza makina ku magetsi ochepa kapena opyola, yodikira mphindi zitatu magetsi akabwerera. Kasitomala akakana kugula, alembe pa pepala kuti wakana, asayine.