Tsiku la maphunziro a pakhomo lisafanane ndi la kusukulu

Makolo ambiri amene amasankha kuphunzitsa okha ana awo pakhomo amayamba ndi kulemba ndandanda yofanana ndi ya kusukulu: masamu m'mawa, kuwerenga pambuyo pake, kenako sayansi, mpaka dzuwa litapendeka. Maganizo anga ndi akuti kwa mwana wa zaka 4 mpaka 7, ndandanda yotereyi imangotopetsa mwanayo pamodzi ndi kholo lomwe, ndipo phindu lake ndi lochepa.

Sukulu imafuna maola ambiri chifukwa mphunzitsi mmodzi amasamalira gulu lalikulu, ndipo nthawi yochuluka imathera pa kuitana mayina, kukhazika ana chete, kugawa mabuku ndi kudikira kuti aliyense amalize kulemba. Kholo limene lakhala pansi ndi mwana mmodzi kapena awiri lilibe ntchito zonsezi. Limaona pompopompo kuti mwana wasokoneza b ndi d, ndipo limamuwongolera cholakwikacho chisanamere mizu. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain amene analemba zambiri za maphunziro a pakhomo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ankalangiza kuti phunziro la mwana wamng'ono lisapitirire mphindi 20, n'cholinga choti mwanayo azolowere kuika maganizo ake onse pa chinthu chimodzi asanatope. Maphunziro afupiafupi atatu otere, ochitika m'mawa mutu usanaleme, ndi okwanira tsiku lonse.

Nthawi yotsalayo siyotayika ayi. Mwana amene akuyala masupuni molingana ndi chiwerengero cha anthu, kapena kuthira madzi m'botolo kuti aone makapu angati amene alidzaze, akuchita masamu enieni, ngakhale kuti palibe chimene chalembedwa m'kope. Amene akumvetsera nkhani imene kholo likumuwerengera, kenako n'kuifotokoza m'mawu akeake, akunola chilankhulo ndi kukumbukira. Malangizo amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amanena kuti mwana wa zaka 3 kapena 4 azithamanga ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, azigona maola 10 mpaka 13, ndiponso asamaonere TV kapena foni kupitirira ola limodzi. Mukachotsera maola amenewa pa tsiku, mudzaona kuti mpata womukhazika pa tebulo ndi wochepa kale. Ku Finland ana amayamba sukulu ya pulayimale m'chaka chimene akwanitsa zaka 7, ndipo sindiona chifukwa choti kholo lizichita phuma ndi mwana wa zaka 5.

Komabe sindigwirizana ndi amene amatengera maganizo a John Holt, mphunzitsi wa ku America amene ankanena kuti mwana aziphunzira motsatira chidwi chake, mpaka kufika posiya mwana kuti azisankha yekha zonse. Kulankhula mwana amatola yekha pongomva anthu, koma kuwerenga ana ambiri amafunika kuphunzitsidwa mwadongosolo, lemba ndi liwu lake, tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku limene mwanayo wadzuka asakufuna. Pamenepa kholo liyenera kulimba mtima. Ngati m'nyumbamo muli khanda, phunziro lowerenga liikidwe pa nthawi imene khandalo lagona, ndipo madzulo mwana apite kukasewera ndi anzake, popeza kudikira nthawi yake pamasewera ndi kugwirizananso akayambana sangaziphunzire ali ndi kholo lake lokha.