Tisamunamizire Mulungu pamaliro

Pali mawu amene amandipweteka ndikawamva kumanda, ndipo lero ndiwatchula poyera ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, simugwirizana nane. Mwana wa zaka 5 wamwalira ndi kolera ku Kanyama. Mnyamata amene wangomaliza kumene maphunziro wafera pangozi ya basi ku Manenekela akupita kukaona makolo ku Chipata. Mayi wachitsikana watisiya pobereka. Tikafika kumanda a ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, mlaliki amaimirira n'kunena kuti, "Tisalire kwambiri, chinali chifuniro cha Mulungu. Nthawi yake inakwana. Mulungu wathyola duwa lokongola m'munda mwake." Tonse timayankha kuti ameni, poti pamaliro sipotsutsirana. Koma mayi wofedwa uja amabwerera kunyumba atauzidwa kuti amene wamulanda mwana ndi Mulungu yemweyo amene akuyenera kumupembedza Lamulungu likudzali.

Ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirira kuti palibe chimene chimachitika Mulungu ali m'tulo. Yesu anati ngakhale mpheta siigwa pansi Atate osadziwa. Ndiye kuti imfa iliyonse Mulungu waiona ndipo wailola. Pamenepo sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi chakuti Iye amaikonda, kapena kuti ndiye amaitumiza ngati mphatso.

Tsegulani Baibulo muone mmene limaitchulira imfa. Pa 1 Akorinto 15:26 Paulo akuti imfa ndi mdani, mdani wotsiriza amene adzathetsedwe. Pa Ezekieli 18:32 Mulungu mwini akunena kuti sakondwera ndi imfa ya munthu. Ndipo tikafuna kudziwa mtima wa Mulungu, tiyang'ane zimene Yesu ankachita akakumana ndi maliro. Ku Naini anakumana ndi anthu atanyamula mwana mmodzi yekhayo wa mayi wamasiye. Sanamuuze mayiyo kuti nthawi ya mwana wake inakwana. Anagwidwa chifundo, anaimitsa onyamula maliro, n'kumubwezera mwana wake. Kwa Yairo kunali kamtsikana ka zaka 12, anakagwira dzanja n'kukadzutsa, kenako anati akapatse chakudya. Ku Betaniya ankadziwa bwino lomwe kuti Lazaro amuukitsa posachedwa, komabe atafika pamanda, Yesu analira. Munthu salirira chinthu chimene chamukondweretsa. Ngati imfa ya mwana ikanakhala duwa limene Mulungu wadzithyolera, ndiye kuti Yesu ankalimbana ndi Atate ake pamaliro atatu onsewa.

Yankho lina limene timathamangira ndi loipa kuposa loyambali, ndipo silinenedwa pa maikolofoni. Limanong'onedwa kuseri kwa tenti, pamoto pamene amuna akuchezera, ndi kumene amayi akuphika. "Pali chimene anachita ameneyu." "Si imfa yabwino iyi, pali dzanja la munthu." Pasanathe sabata dzina lapezeka. Kawirikawiri ndi agogo aakazi okalamba kumudzi, kapena mkazi wa malemuyo, kapena amalume amene bizinesi yawo yayamba kuyenda bwino. Mneneri wina amatsimikiza zonse atalandira ndalama ya mbewu, ndipo banja limene linafunika kugwirana manja limagawanika mpaka kalekale. Pali okalamba amene amenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi chifukwa cha mwana amene anafa ndi malungo.

Yesu anakambapo nkhani yangati yomweyi pa Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu inagwa n'kupha anthu 18. Iye anafunsa kuti, kodi mukuganiza kuti anthu amenewa anali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu? Anayankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira ake anaona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri.

Ife a ku Zambia nambala ya 18 timaidziwa. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu ya mpira kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anafa anthu 30, ndipo 18 mwa iwo anali osewera, anyamata a msinkhu wamphamvu. Anapita Efford Chabala, anapita Wisdom Chansa, anapita mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Manda awo ali pafupi ndi Independence Stadium, aliyense akhoza kukawaona. Kalusha Bwalya sanali m'ndegemo chifukwa ankachokera ku Netherlands kumene ankasewera. Kodi pali amene angalimbe mtima kunena kuti Mulungu ankamukonda Kalusha kuposa Chabala? Kapena kuti 18 aja anali ochimwa kuposa ife amene tinatsala? Ndipo lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 silinanene za tsoka kapena matsenga. Linanena za injini imene inawonongeka, ndi woyendetsa wotopa amene anazimitsa injini yabwino m'malo mwa yowonongekayo. Ndi zinthu za anthu zimenezo: makina, kutopa, ndi zosankha za amene anavomereza kuti ndegeyo iuluke.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Imfa zambiri zimene timamukankhira Mulungu zili ndi zala zathu.

M'chilamulo cha Mose muli lamulo laling'ono limene sindinamvepo likulalikidwa pamaliro, Deuteronomo 22:8. Likuti ukamanga nyumba yatsopano, umange kampanda kuzungulira denga lake, kuti munthu akagwa n'kufa, mlandu wa magazi usakhale panyumba yako. Kumeneko madenga anali afulati, anthu ankakhalapo. Taonani kuti Mulungu sakunena kuti wogwayo nthawi yake inali itakwana. Akuti mwini nyumba ali ndi mlandu chifukwa sanamange mpanda. Mlaliki 7:17 nayenso akufunsa kuti uferenji nthawi yako isanakwane. Ndiye kuti n'zotheka munthu kufa nthawi yake isanakwane.

Kumbukirani Januwale wa 2024. National Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo mliri umenewo unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri mwa iwo muno mu Lusaka. Sikanali koyamba, mu 2018 bwalo lomwelo linagwiranso ntchito imeneyi. Chimene chimabweretsa kolera n'chodziwika. M'makomboni ngati Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, zimbudzi zokumba zayandikana ndi zitsime zosazama, ngalande zatsekeka ndi zinyalala, ndipo mvula ikagwa zonse zimasakanikirana n'kulowa m'madzi amene ana akumwa. Kolera ndi matenda ochizika. Munthu akafulumira kulandira madzi a ORS kapena diripu amachira. Nanga n'chifukwa chiyani sitimva kuti mliriwu wasesa kumayadi ngati ku Kabulonga monga umasesera ku Kanyama ndi ku George? Kodi Mulungu amakonda kwambiri maluwa a kukomboni? Ayi. Kusiyana kwake ndi mipope ya madzi ndi zimbudzi. Tikanena pamanda kuti chinali chifuniro cha Mulungu, timakhululukira anthu amene sanalape, ndipo chaka chamawa tidzakumbanso manda ena a ana.

N'chimodzimodzi pamsewu. Mu Febuluwale 2013 ku Chibombo basi inawombana ndi thiraki ndipo anthu oposa 50 anafa tsiku limodzi. Tonse takwerapo minibasi ya matayala osalala, dalaivala akununkha mowa m'mawa, akupitirira galimoto ina pakona pomwe sakuona kutsogolo. Timapemphera basi isananyamuke, ndipo n'zabwino kutero, koma ikayamba kuthamanga mopyola muyeso timangokhala chete, ndipo amene wadzudzula dalaivala ndiye amaoneka wovuta. Palinso abale athu amene anali bwinobwino pa ma ARV, amene amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, n'kuuzidwa ku mapemphero kuti achira, ataye mankhwala, amwe madzi odzozedwa. Tikawaika m'manda timati Mulungu watenga. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu 1991. Ngati mawu amenewo ali ndi tanthauzo, bwenzi tikuopa mlandu wa magazi kuposa mmene tikuopera.

Wina afunsa kuti, chabwino, koma Mulungu ndi wamphamvuzonse, bwanji osangogwira chiwongolero cha dalaivala woledzerayo? Funso limeneli ndi lachilungamo. Imfa yoyamba m'Baibulo inali ya mnyamata wolungama, Abele. Mulungu anamuchenjeza Kaini kuti tchimo lamubisalira pakhomo, koma sanamugwire dzanja. Anatilenga anthu oti tikhoza kusankha, ndipo kusankha kwathu kumakhudza anzathu zenizeni. Akanati azifafaniza zotsatira za choipa chilichonse, chikondi chathu ndi kumvera kwathu zikanakhala zopanda kanthu. Koma magazi a Abele analira kuchokera m'nthaka, ndipo Mulungu anamva, n'kumufunsa Kaini kuti m'bale wako ali kuti. Funso limenelo lidakalipo kwa aliyense amene anadya ndalama ya mankhwala kapena kulandira chiphuphu pamsewu kuti basi yakufa idutse.

Komabe sindinganame kuti zimenezi zikufotokoza zonse. Pali mwana wodwala khansa amene makolo ake anachita chilichonse, madokotala anayesetsa, mpingo unasala kudya, koma anapitabe. Pali munthu amene anagona bwinobwino osadzukanso. Palibe woti timuloze chala. Aroma 8 akuti chilengedwe chonse chikubuula, chili mu ukapolo wa kuvunda, ndipo matupi athu ndi mbali ya chilengedwe chimenecho. Koma chifukwa chimene uyu wachirira pomwe uyo wapita, Baibulo silinatiuze. Pa Machitidwe 12, Herode anapha Yakobo ndi lupanga, ndipo m'mutu womwewo mngelo anatulutsa Petro m'ndende. Onse anali atumwi, onse anali a Yesu mmodzi. Hezekiya analira n'kuwonjezeredwa zaka 15, pomwe Yosiya, mfumu imene inabwezera anthu kwa Mulungu, anafa ndi muvi ali ndi zaka 39 zokha. Yobu anataya ana 10 tsiku limodzi, ndipo Mulungu atamuyankha m'kamvuluvulu sanamuuze chifukwa chake. Anzake atatu aja ndi amene anali ndi mayankho okonzeka, ndipo pa Yobu 42:7 ndi iwo amene Mulungu anawakwiyira, ati sananene zoona za Iye. Mbusa amene amafotokoza pamanda chifukwa chimene Mulungu watengera mwana akunena zimene Mulungu sanamutume.

Chimene chimandigwira ine kuti ndisataye chikhulupiriro ndi mtanda. Mulungu wathu sakuonera imfa patali. Mwana wake anafa ali ndi zaka pafupifupi 33, anaphedwa mopanda chilungamo, amayi ake ataima pomwepo akuona. Ndipo ali pamtandapo anafuula kufunsa Mulungu kuti wamusiyiranji. Nanga ife tikauza ofedwa kuti "musamufunse Mulungu," tikuzitenga kuti? Marita ndi Mariya onse awiri anamuuza Yesu pamaso kuti, Ambuye, mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Yesu sanawadzudzule. Masalimo adzaza ndi anthu ofunsa kuti mpaka liti. Munthu amene akulimbana ndi Mulungu m'misozi akadali naye pafupi. Amene ndimamudera nkhawa ndi uja amene tamutseka pakamwa, akumwetulira m'tchalitchi pomwe mumtima anasiya kale kupemphera.

Tsiku lachitatu manda anapezeka opanda kanthu, ndipo chiyembekezo chathu chagona pamenepo. Paulo sanawauze Atesalonika kuti asalire. Anati asalire monga anthu opanda chiyembekezo. Stefano ataponyedwa miyala, anthu opembedza anamuika n'kumulira kwambiri, ndipo palibe anawanena kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Mulungu akhoza kutulutsa chabwino m'choipa, monga anachitira ndi Yosefe ndi pamtanda pomwe, koma zimenezo sizisandutsa choipacho kukhala chabwino, ndipo si ife oyenera kuuza mayi wofedwa tsiku la maliro kuti aone ubwino wake.

Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Amayi a Chigwirizano ndi a Dorika amene amagona pansi m'nyumba ya siwa, kuimba usiku wonse, kutunga madzi ndi kuphika, amalalikira zoona za Mulungu kuposa ambiri a ife okonda kulankhula. Makolo athu anati maliro n'kulirana. Ngati mulibe chonena, "pepani" ndi wokwanira.

Vuto lathu ndi loti tenti ikachotsedwa tonse timabalalika, ndipo ndi pamene achibale ena amafika kudzawerenga mipando, firiji ndi mapepala a nyumba. Anthu omwewo amene dzulo amati Mulungu wapereka, Mulungu watenga, lero ndi amene akutenga. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linagawa momveka: 50 peresenti ndi ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo, 10 ya ena amene malemuyo ankawasunga. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pamaso pa khoti, ndipo Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choyera ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Akulu a mpingo amene anatsogolera mwambo kumanda akhaleponso tsiku logawa katundu, ayime kumbali ya anawo, ndipo temu ikamatsegulidwa adzafunse ngati ali ndi yunifomu ndi mabuku.