Bonongwe ndi yemweyo, chasiyana ndi mphika

Tsiku langa loyamba ku Mbeya, m'dziko la Tanzania, nditatopa ndi kuoda katundu, ndinalowa m'kamalo kena kodyera pafupi ndi depoti n'kuitanitsa mpunga wa nyama. Mayi wogulitsayo anabwera ndi mpunga, nyama nthuli ziwiri, nyemba chipande chodzaza, masamba pambali, tomato ndi anyezi wosaphika wofinyira ndimu, ndi nthochi yakupsa imodzi. Ndinati, "Amayi, nyembazi sindinaitanitse." Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene athirira madzi mu tiyi. Kumeneko nyemba ndi masamba sizidikira kuitanidwa, zimabwera zokha.

Kuno ku Mzuzu itanitsani nsima ya nkhuku muone. Pambali pamakhala kasupuni ka repu kongokongoletsa mbale, ndipo ambiri timakabweza osakakhudza. Munthu akafunsidwa ndiwo zimene wadyera dzulo n'kuyankha kuti "masamba basi", aliyense amamva kuti mwezi wafika pakati, m'thumba mwauma. Anzathu olankhula Chitumbuka amati mphangwe, koma kadandaulidwe kake n'komweko. Mzinda wa mvula ngati uno, wokhala ndi madimba mpaka m'mbali mwa Lunyangwa, ndiwo zamasamba zikutsika tsiku ndi tsiku kuchokera ku Jenda ndi ku Ekwendeni, komabe masamba timawaona ngati chilango.

Chonsecho anzathu a m'malire sadya masamba achilendo ayi. Mchicha wa ku Tanzania ndi bonongwe wathu yemweyu, amene a ku Zambia amati bondwe. Matembele ndi kholowa, ku Zambia kalembula. Nkhwani ndiye chibwabwa cha ku Lusaka. Chigwada cha ku Nkhata Bay chikawoloka Songwe chimasanduka kisamvu, chikalowa ku Zambia ndi katapa, chikafika ku Mozambique ndi matapa. Dothi ndi limodzi, mbewu ndi imodzi. Nkhani yonse ili pa zimene zimachitika tsambalo likalowa mumphika.

Ndiyambe ndi pamene amatiposa. Mayi wa ku Mbeya amakazinga anyezi, n'kuponyamo mchicha wake, mphindi zochepa chabe waphula, masamba akadali obiriwira. Ife ambiri timathira madzi ochuluka, kasoda pang'ono "kuti afewe", n'kusiya mphika uzibwata mpaka bonongwe ataya mtundu, nthawi zina n'kukhetsa madzi aja. Vitamini C salimba pa moto wautali, amasungunukira m'madzi, ndipo soda amamuwononga pamodzi ndi vitamini B1. Vitamini C ameneyu ndiye amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, amene mwachibadwa amavuta kulowa m'magazi poyerekeza ndi wa m'nyama. Ndiye taganizani mayi woyembekezera amene kusikelo amuuza kuti magazi achepa, azidya masamba obiriwira. Akudyadi mokhulupirika, koma mphika walanda kale gawo lina la phindu lake. Kachumbari uja, tomato ndi anyezi wosaphika wofinyira ndimu, amene ine ndinkamuona ngati zodzikometsera, akugwira ntchito yomwe soda wathu amaipha. Mandimu kuno amagwa okha m'mitengo, koma timawakumbukira tikadwala chimfine basi.

Soda si tchimo lathu lokha, ndinene chilungamo. Therere popanda soda kapena chidulo silitereka, ndipo a ku Zambia amaphika delele wawo chimodzimodzi, a ku Tanzania nawo amathira magadi mu mlenda. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife tamufikitsa soda ngakhale ku nkhwani wanthete amene akanapsa yekha.

Pamene ife tili ndi mphamvu ndi pa nsinjiro. Vitamini A wa m'masamba obiriwira kwambiri, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda, amafuna mafuta kuti thupi limulandire bwino. Agogo athu sankadziwa dzina la vitaminiyo, koma potendera nkhwani, chisoso kapena mfutso ankaika mafutawo mumphika momwemo, n'kuwonjezeranso zomanga thupi. Ndiwo zotendera n'zolemera kuposa repu wosambira m'mafuta ogula amene timamuyesa wachizungu. Mlamu wanga wa ku Lundazi amaseka ndikamayamikira zimenezi, amati, "Alamu, mwadziwa lero?" Ku Zambia ndiwo zotendera amazitcha ifisashi, ndipo sazibisa kukhitchini alendo akabwera. Ku Lusaka kuli malo odyera otchedwa matebeto kumene anthu a m'maofesi, mataye ali pakhosi, amakadya chibwabwa, kalembula, impwa ndi chikanda masana, n'kulipira ndalama zabwino. Chikanda chimenecho ndi chinaka chomwe amayi amagulitsa mumsika wathu uno. A ku Zambia kaphikidwe sitisiyana nawo kwenikweni. Amatiposa pa kusachita manyazi.

Koma nsinjiro zili ndi msampha wake, ndipo msamphawu sudziwa malire a dziko. Mtedza wosauma bwino, kapena wowazidwa madzi kuti usavute kuswa, umagwidwa chuku, ndipo chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Kuphika sikumuchotsa. Choopsa n'chakuti mtedza wofota ndi wothetheka, umene wakanidwa pamsika, ndi umene kawirikawiri umathera mumtondo. Ine nsinjiro zomangamanga m'timapepala ndinasiya kugula. Ndimagula mtedza wathunthu, ndisankhe ndekha, ndisinje ndekha.

Pa nyemba Atanzania ndi akatundu, palibe kutsutsa. Amadya nyemba ndi mpunga, ndi chapati, ndi nthochi, m'mawa, masana, madzulo. Ali ndi makande, chimanga chophikidwa pamodzi ndi nyemba mumphika umodzi, ndipo m'mbali mwa nyanja ya mchere nandolo, amene amati mbaazi, amamuphika ndi mkaka wa kokonati n'kudyera mandasi m'mawa. Kuphatikiza chimanga ndi nyemba kuli ndi nzeru yake: chimanga n'choperewera lysine, kachidutswa kena ka zomanga thupi kamene nyemba zili nako kochuluka, choncho zikakumana zimakwaniritsana. Nyemba zimagayikanso pang'onopang'ono, shuga sakwera mwadzidzidzi m'magazi ngati mmene zimakhalira ndi buledi woyera ndi tiyi wa masupuni anayi, chakudya cham'mawa cha ambiri a ife m'tauni.

Ife nyemba tili nazo zabwino, kholophethe, nanyati, za ku Chitipa zija zimene aliyense wobwera pa basi amanyamulako. Chimatilepheretsa ndi makala. Nyemba zouma zimadya thumba, ndiye mayi wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amawerengera n'kuona kuti bola soya pisi wa mphindi khumi. Kunyika nyemba m'madzi usiku wonse kumadula nthawi yophika kwambiri, ndipo mukataya madzi onyikirawo mpweya wa m'mimba umachepako, uja umene ana a sukulu zogonera konko amanenera nyemba zoipa. Nandolo kuno kumpoto ambiri amamuona ngati chakudya cha Alomwe, ndipo wochuluka amene amalimidwa kummwera amathera ku India. Nzama ndi khobwe zangotsala za agogo.

Osatengeka ndi zonse za Atanzania, komabe. Mkaka wa kokonati ndi wokoma, koma mafuta ake ndi a mtundu umene madokotala amati tisachulutse chifukwa cha mtima, ndipo pa mfundo imeneyo mtedza wathu ukupambana. Amakondanso kutsitsira chakudya ndi tiyi, ngati ifenso, pamene tiyi akamwedwa pamodzi ndi nyemba kapena masamba amatsekereza ayironi. Kudikira ola limodzi chabe kumasintha zinthu.

Chigwada chimafuna ndime yakeyake. Masamba a chinangwa ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa masamba ena ambiri, ndipo kwa munthu wodya kondowole, amene ndi wokhutitsa chabe, chigwada ndi usipa ndizo zimanyamula thupi. Koma tsamba lomwelo lili ndi poizoni wa cyanide, choncho lamulo la "phikani pang'ono" lija pano siligwira. Chigwada chimafuna kusinjidwa mpaka chilekane, kenako kubwata mokwanira, mphika wosavundikira. Anthu a ku Mozambique amachidziwa bwino chinangwa, ubwino ndi ukali wake womwe. M'chaka cha 1981, nthawi ya chilala, m'chigawo cha Nampula munabuka matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo, chifukwa anthu anjala ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Matapa awo amawasinja limodzi ndi adyo, n'kuwaphika nthawi yaitali ndi mtedza ndi kokonati, nthawi zina n'kuponyamo nkhanu. Ndinadyako kamodzi ku Tete, ndipo ndinachita manyazi kukumbukira kuti kwathu ndinkakana chigwada ndili mwana. Atonga a ku Nkhata Bay alibe chophunzira kwa wina pa kusinja. Mwina adyo yekhayo.

Pa zokometsera ndiye timasauka. Khitchini yathu imadziwa mchere, tomato, anyezi, ufa wa curry wa m'kapaketi, ndi kambuzi kwa olimba mtima. Kutsidya kwa Songwe tiyi amabwera ndi tangawizi, jinja uja, pilau amanunkhira iliki (cardamom), mdalasini (cinnamon) ndi karafuu (cloves) wa ku Zanzibar ndi Pemba, zinthu zimene zinazika mizu kumeneko ndi malonda a panyanja ya mchere zaka mazana apitawo. Zonsezi zimapezeka kuno kwa amalonda obwera ndi katundu wa ku Kyela, koma ogula ambiri amazifuna ngati mankhwala, osati ngati zophikira. Nthawi ya Covid-19 jinja, adyo ndi mandimu zinasowa pamsika, ndipo ku Tanzania Pulezidenti John Magufuli ankalimbikitsa poyera kufukiza nthunzi. Jinja amathandizadi mseru, adyo amatsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma palibe mwa izi chimene chimapha kachilombo kapena kulowa m'malo mwa mapiritsi a BP. Ndaonapo anthu akusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp wonena za adyo, mapeto ake osakhala bwino.

Phindu lenileni la zokometsera, mmene ndikuonera ine, lili pa mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Kafukufuku wa m'dziko muno wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndiwo zimene zili ndi adyo, jinja, tsabola ndi ndimu sizilira mchere wambiri kapena timakyubu tokometsera ndiwo tija, pakamwa pamakhala patakhutira kale.

Wina angaganize kuti ndiye ana a ku Tanzania onse ndi onenepa bwino. Ayi ndithu. Kafukufuku wawo wa 2022 anapeza kuti ana 30 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ku Zambia mu 2018 anali 35, kuno mu 2015 ndi 2016 anali 37. Tonse tili m'bwato limodzi. Chodabwitsa n'chakuti zigawo za Iringa ndi Njombe, zoyandikana ndi Mbeya, nkhokwe za chakudya cha dziko lonselo, ndizo zili m'gulu la zoipitsitsa, kumene theka la ana kapena kuposa ndi opinimbira. Mbale yokongola ya pa depoti ija ndi ya munthu wamkulu wokhala ndi ndalama m'thumba. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, kaya ku Njombe, ku Lundazi kapena ku Mzimba, amamwetsedwa phala la ufa woyera lamadzimadzi, mayi ake ali kumunda, nyemba zikudikira wogula.

Pa chimenechi yankho labwino limene ndikulidziwa silinachokere kunja. Ku Ekwendeni, pamphuno pathu pomwepa, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba m'chaka cha 2000 chifukwa cha ana onyentchera amene ankadzaza chipatala cha mishoni. Alimi anayamba kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya m'munda umodzi kuti nthaka ibwerere, ndipo ankakhala ndi masiku ophikira limodzi, abambo ndi agogo aakazi ali pomwepo, chifukwa m'mudzi amene amalamula zimene khanda lidye nthawi zambiri ndi apongozi. Ku Mozambique nako mbatata yofiira mkati, yodzaza vitamini A, inafalikira kwambiri madzi osefukira a 2000 atapita, ndipo Maria Andrade amene anagwira ntchitoyo kumeneko analandira nawo mphotho ya World Food Prize mu 2016. Mbatata imeneyo tili nayo, Zondeni, Kadyaubwerere, Anaakwanire. Futali wake, nsinjiro zili momwemo, mwana amanyambita mbale.

Kunyumba kwanga ku Katoto nyemba tsopano zimagona m'madzi, ndimu amakhala patebulo pambali pa mchere, ndipo bonongwe amaphulidwa akadali wobiriwira. Azakhali atabwera kuchokera ku Dedza mwezi watha analawa, n'kukankhira mbale pambali.

"Mwana iwe, masambawa ndi aawisi. Soda watha m'nyumba muno?"

Ndinawafotokozera za vitamini C, za ayironi, za ku Mbeya. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatumiza mdzukulu wawo kuokala ndi K200. Mawa lake tinadya therere.