Petulo kapena dizilo pa pikapu yaikulu: United States, Canada ndi Mexico sayankha mofanana

Injini ya dizilo ya malita 6.7 imene Ford amaika m'mapikapu ake a F-250 ndi F-350 imapangidwa ku Chihuahua m'dziko la Mexico. Ya petulo ya malita 7.3 yolowa m'galimoto yomweyo imachokera ku Windsor, Ontario, ku Canada, ndipo zonse ziwiri zimakakumana ku Louisville, Kentucky, kumene galimotoyo amailumikiza. Ram 2500 imabadwira ku Saltillo ku Mexico, koma injini yake ya Cummins ndi ya ku Indiana. Chitsulo ndi chimodzi m'maiko atatu onsewa. Chimene chimasintha mukadutsa malire ndi msonkho wa mafuta, kuzizira, ukhondo wa dizilo ndi lamulo, ndipo zinayizi ndiye zimagamula ngati ndalama yowonjezera pa dizilo idzabwerera m'thumba mwanu kapena ayi.

Tiyambe ndi zimene sizisintha. Pa mapikapu opepukirako, a gulu la 1500, nkhani yatsala pang'ono kutha yokha: Ford anasiya dizilo mu F-150 mu 2021, Ram anasiya wake kumayambiriro kwa 2023, Toyota Tundra sinakhalepo naye, ndipo yatsala ndi Duramax ya malita 3.0 mu Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra. Mkangano weniweni uli pa mapikapu olemera a gulu la 2500 ndi 3500, monga F-250, F-350 ndi Ram 2500. Apa injini ya Ford ya petulo ya 7.3 imatulutsa 430 hp ndi torque, mphamvu yopotokola imene imakoka katundu, pafupifupi 660 Nm ikamazungulira 4,000 pa mphindi. Ya dizilo imapereka 475 hp, zomwe sizosiyana kwenikweni, koma torque yake imapitirira 1,400 Nm pa 1,600 pokha. Ndiye kuti pachitunda, muli ndi ngolo ya matani 7 kumbuyo, dizilo amakwera ali phee pa giya yapamwamba pamene petulo akutsitsa magiya n'kumalira. Onse awiri amafika pamwamba. Potsika ndi pamene dizilo amaposa mnzake kutali, chifukwa ali ndi buleki ya ku ekizozi imene imatsekereza utsi mu turbo n'kugwira galimoto popanda kuotcha mabuleki a m'mateyala.

Mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Ku United States kusankha dizilo kumawonjezera madola pafupifupi 10,000 kapena kuposa pa mtengo wa galimoto yatsopano. Cummins ya 6.7 imamwa oyilo wokwana malita 11.4 pomwe Hemi ya petulo ya 6.4 imakhuta ndi 6.6. Mafyuluta a mafuta ndi awiri, mabatire awiri. Ndipo chimene ogula ambiri amachizindikira mochedwa ndi kulemera: injini ya dizilo ndi zida zake zimadya makilogalamu 300 kapena kuposa pa katundu amene galimoto imaloledwa kunyamula. Pa 2500 kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Tsegulani chitseko cha dalaivala muwerenge chipepala chomata pamphuthu, musadalire nambala ya m'kabuku kotsatsa malonda.

Tsopano msonkho. Boma lalikulu la United States limatenga masenti 18.4 pa galoni ya petulo ndi masenti 24.4 pa galoni ya dizilo, ndipo mitengo imeneyi inakhazikika m'zaka za m'ma 1990. Canada inachita zotembenuza: kwa zaka zambiri msonkho wa boma lalikulu wakhala masenti 10 pa lita ya petulo ndi masenti 4 okha pa lita ya dizilo. Maboma a zigawo amawonjezera yawo, ndipo mtengo wa pa pampu umayendera zina zambiri, monga kufunika kwa mafuta otenthetsera nyumba m'nyengo yozizira amene amachokera m'gulu limodzi ndi dizilo. Komabe ku United States dizilo wakhala wokwera mtengo kuposa petulo wamba pafupifupi nthawi zonse kuchokera cha mu 2004, pamene ku Canada mitengo iwiriyi imapitana, wina pamwamba lero, wina mawa. Ku Mexico boma limasintha msonkho wa pa mafuta wotchedwa IEPS sabata ndi sabata pofuna kuti mtengo usadumphe, choncho kumeneko mtengo umamvera kwambiri zimene boma lasankha.

Kuti muone mmene zimenezi zimagwirira, tiyerekeze galimoto yoyenda makilomita 20,000 pachaka, ya petulo ikumwa malita 18 pa makilomita 100, ya dizilo 14. Pachaka ndi malita 3,600 kwa 2,800. Lita ikakhala dola imodzi mbali zonse, mwapulumutsa madola 800, ndipo madola 10,000 aja abwerera patatha zaka zoposa 12. Dizilo akakwera ndi 15 peresenti, zopulumutsa zimatsika kufika pa madola 380, ndiye kuti zaka 26, tisanawerengere oyilo ndi mafyuluta. Ikanimo manambala anu. Muyenera kuwapeza nokha podzaza thanki ndi kulemba makilomita, chifukwa mapikapu olemera kuposa mapaundi 8,500, omwe ndi makilogalamu 3,856, sakakamizidwa kukhala ndi chipepala cha boma chosonyeza kamwedwe ka mafuta, ku United States ngakhale ku Canada. Samalaninso poyerekeza: wa ku United States amanena mamailosi pa galoni ya malita 3.785, wa ku Canada malita pa makilomita 100, wa ku Mexico makilomita pa lita. Masamuwa amatembenuka pokhapokha galimoto ikamakoka katundu wolemera masiku ambiri, chifukwa apo petulo amamwa mopanda chisoni, komanso pogulitsa, pakuti dizilo amasunga mtengo.

Alimi ali ndi nkhani yawoyawo. Ku Alberta mlimi wolembetsedwa amaloledwa kuthira mafuta opaka utoto, a msonkho wotsika, mu pikapu ya nambala za pafamu n'kuyenda nayo pamsewu. Ku United States dizilo wopaka utoto wofiira ndi wa zinthu monga mathirakitala ndi makina osayenda pamsewu, osati pikapu yoyenda pamsewu. Akakupezani naye m'thanki ya pikapu, chindapusa cha boma lalikulu ndi madola 10 pa galoni kapena madola 1,000, chimene chakula pa ziwirizi.

Pa nkhani ya kuzizira, ife tikuona kuti Canada ndi imene inakonza bwino zinthu. Dizilo wamba ali ndi phula losungunuka m'kati mwake. Kukazizira kupitirira pamene madzi amaundana, phulalo limayamba kupanga timibulu, mafuta amachita mbuu, timibuluto timatseka fyuluta, injini n'kuzima ngakhale thanki ili yodzaza. Ku Canada ogulitsa amasintha kasakanizidwe ka dizilo potsata dera ndi nthawi ya chaka, malinga ndi miyezo imene inalembedwa ndi bungwe la boma loika miyezo la CGSB, kotero dizilo wa mu Januwale ku Winnipeg ndi wopepuka kwambiri kuposa wa mu Julayi. Dizilo wopepukayo ali ndi mphamvu yocheperako, n'chifukwa chake galimoto imamwa kwambiri m'chisanu. Malo ambiri oimika magalimoto ku Edmonton, Saskatoon ndi Winnipeg ali ndi masoketi a magetsi olumikizapo chotenthetsera injini, ndipo maola awiri mpaka anayi amakwanira, palibe chifukwa chochisiya usiku wonse. Zigawo za kumpoto kwa United States monga Minnesota ndi North Dakota zimachitanso chimodzimodzi. Vuto limagwera munthu amene wadzaza thanki yaikulu ku Texas kapena Oklahoma, n'kuyenda tsiku limodzi kulowera kumpoto ndi dizilo wa kotentha. Njira yake ndi kufika kozizirako thanki itatsika, kudzaza dizilo wa komweko, ndi kuthira mankhwala oletsa kuundana mafuta asanazizire, chifukwa phula likagwirana kale mankhwala amenewo sathandiza. Fyuluta yapadera ikhale m'galimoto. Wa petulo zonsezi sizimukhudza, batire lake likakhala lamphamvu amaliza n'kumapita.

Chisanu chimakulitsanso vuto lina limene lili m'mapikapu a dizilo a ku United States ndi Canada opangidwa kuyambira cha mu 2007. Mu ekizozi muli sefa ya DPF yogwira mwaye. Ikadzaza, kompyuta imathira mafuta owonjezera kuti utsi utenthe kufika pafupifupi madigiri 600 ndi kuotcha mwayewo, ndipo ntchitoyi imafuna mphindi 20 kapena kuposa galimoto ikuthamanga pamsewu waukulu. Munthu woyenda makilomita 8 kupita kuntchito amaidula pakati tsiku lililonse. Mwaye umachuluka, pa injini zambiri dizilo wosapsa amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, valavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini, imamata, kenako galimoto imadzichepetsera mphamvu. Kuisiya ikulira pamalo amodzi kuti mutenthe m'kati, monga ambiri amachitira kozizira, kumangowonjezera mwaye. Pa magalimoto atsopanoko palinso madzi a DEF opopera mu ekizozi kuti ayeretse utsi, omwe ndi 32.5 peresenti yureya ndipo kotsalako ndi madzi oyeretsedwa. Amapita pafupifupi malita 2 kapena 3 pa malita 100 a dizilo, amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro, ndipo thanki yake ili ndi chotenthetsera chimene chimafa nthawi zina. Musaidzaze mpaka pakamwa m'chisanu, chifukwa madziwa akaundana amafufuma. Akatha, kapena sensa ikanama kuti atha, magalimoto ambiri amatsitsa liwiro pang'onopang'ono mpaka makilomita 8 pa ola. Ngati maulendo anu ndi aafupi, gulani petulo, kaya muli dziko liti mwa atatuwa.

Mexico ili ndi vuto losiyana. United States ndi Canada anatsitsa sulufule wa mu dizilo wa pamsewu kufika pa magawo 15 pa miliyoni mu 2006, dala kuti masefa aja agwire ntchito. Mexico inalemba lamulo lofanana, NOM-016 la 2016, koma kampani ya boma ya mafuta ya Pemex yapatsidwa nthawi yowonjezera kangapo. Dizilo woyera wakhala wotsimikizika m'dera la malire a kumpoto, ku Mexico City, Guadalajara, Monterrey ndi m'misewu ina ikuluikulu, pamene kwina amaloledwa kufika magawo 500. Thanki imodzi kapena ziwiri siziwononga kanthu, koma miyezi yambiri sulufule amaphimba zida zoyeretsa utsi ndipo oyilo amakalamba msanga. Choncho sizodabwitsa kuti mapikapu aakulu otchuka kumeneko, Ford Lobo ndi Chevrolet Cheyenne, amayenda kwambiri ndi petulo, ndipo makaniko wa m'tauni yaing'ono amaidziwa V8 ya petulo kuposa sensa ya utsi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ngakhale ili ndi potayira: Mexico City ili pa mamita 2,240, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse, kutanthauza kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu. Kumapiri oterowo, monganso pa Eisenhower Tunnel ku Colorado pa mamita 3,400, petulo wa turbo ngati EcoBoost ya 3.5 mu F-150 ndiye amatseka mpatawo pa katundu wapakati.

Ukhondo wa mafuta umakhudzanso pampu. Pampu ya Bosch CP4, imene inali mu Duramax ya Chevrolet ndi GMC ya 2011 mpaka 2016, mu dizilo ya Ford ya 6.7 yotchedwa Power Stroke kuyambira 2011 ndi mu Ram ya 2019 ndi 2020, imadalira dizilo yemweyo kuti iterere. Madzi, mpweya kapena dizilo wosaterera zikalowa, kachitsulo kogudubuzika m'kati kamapalana ndi kamu, tizitsulo timamwazikira m'mapaipi, mu ma-injector mpaka m'thanki, ndipo zonsezo zimafuna kusinthidwa kapena kutsukidwa, ntchito ya madola masauzande ambiri. Ram anaitanitsa magalimoto a zaka ziwirizo mu 2021 kuti asinthe pampu. Muyezo wa United States umalola dizilo wosaterera kwambiri, wosiya chipsera cha ma-micron 520 poyesa, pamene wa Canada ndi wa ku Ulaya umaima pa 460. Khetsani madzi pa fyuluta mwezi uliwonse, sinthani mafyuluta pa nthawi yake, ndipo musayende mpaka thanki kuuma.

Ena akatopa ndi zida za utsi amazichotsa. Ku United States zimenezi n'zoletsedwa ndi lamulo loteteza mpweya la Clean Air Act m'dziko lonse, ndipo California imayesa utsi wa mapikapu a dizilo a 1998 kupita m'tsogolo. Ku Canada galimoto ikagulidwa nkhaniyi imakhala m'manja mwa zigawo, ndipo Alberta siyesa utsi wa mapikapu. Apa ndiye Canada ikutsalira, chifukwa utsi wakudawo amapuma ndi anthu, ndipo galimoto yotereyi singalowetsedwe mwalamulo kukagulitsidwa ku United States mpaka zida zitabwezeretsedwa.

Kulemera nako kuli ndi malire osiyana. Ku Ontario laisensi wamba ya G imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 4,600, ndipo British Columbia imafuna chilolezo chapadera kupitirira muyezo womwewo. Ku United States laisensi ya madalaivala a magalimoto akuluakulu, yotchedwa CDL, imafunika pa ntchito yamalonda galimoto ndi ngolo zikafika mapaundi 26,001 (makilogalamu 11,794), ngoloyo ili yoposa mapaundi 10,000 (makilogalamu 4,536). Ndiye kuti ku Canada, katundu amene amachititsa dizilo kukhala waphindu amayambira pafupi ndi pamene laisensi wamba ikuthera, ndipo wogula ayenera kuganizira ziwirizi limodzi.

Pogula yakale yochokera tsidya lina la malire, gwadani muone ngati sefa ya DPF ilipo, yang'anani dzimbiri la mchere wa pamsewu pa chasisi ndi pa mapaipi a mabuleki ngati yachokera ku Ontario kapena Michigan, ndipo pa dashibodi tsegulani pamene pamaonetsa maola a injini. Pikapu ya m'migodi ya mafuta ku Alberta kapena Texas ikhoza kuonetsa makilomita ochepa koma maola masauzande olira itaima, ndipo pa dizilo maola amenewo ndi amene amatha turbo, EGR ndi sefa.