Musasirire chipewa cha a Amish musanamve kulemera kwake

Ana anga ndi adzukulu anga, pali khalidwe limene lafala pakati panu, ndipo ine monga wamkulu sindingaliyang'ane n'kungokhala chete. Mwayamba kutumizirana timakanema ta anthu a mpingo wa Amish a ku America, abambo a ndevu zazitali atakwera ngolo ya kavalo, amayi ovala timipango toyera kumutu, ana akuthamanga opanda nsapato m'munda wa chimanga, ndipo pansi pake mumalemba kuti moyo weniweni ndi umenewu. Mumalemba zimenezi pakati pa usiku, foni ili pamphuno, mnzanu wa m'banja ali pambali panu simunamulankhule chichokereni m'mawa. Kusirira kokha si mlandu, koma ena mwa inu mwafika pomanga mfundo za pabanja pa kakanema ka mphindi imodzi, ndipo amene adzalipire kusasamala kumeneku ndi ana anu.

Anthu amenewa sanasankhe moyo wawo chifukwa chotopa ndi phokoso la m'tauni. Mizu yawo ili ku Zurich, m'dziko la Switzerland, kumene mu 1525 kagulu ka Akhristu kanakana ubatizo wa makanda n'kuyamba kubatizana akuluakulu okhaokha, ndipo mu 1527 mmodzi wa atsogoleri awo, Felix Manz, anamizidwa mumtsinje wa Limmat chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi. Mu 1693 Jakob Ammann, mwini dzina limene amadziwika nalo, anapatukana ndi abale ake a mumpingo poumirira kuti munthu wodulidwa azisalidwa ngakhale pa chakudya. Otsatira ake anawoloka nyanja kupita ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700, ndipo lero alipo pafupifupi 400,000, ambiri a iwo ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana. Mpaka pano amaimba nyimbo za m'buku la Ausbund la mu 1564, zina mwa izo zinapekedwa ndi akaidi a chikhulupiriro m'ndende ya ku Passau.

Chimene inu mumachitcha moyo wosalira zambiri, eni ake amachidziwa ngati kumvera. Mpingo uliwonse, wa mabanja pafupifupi 30, uli ndi malamulo ake otchedwa Ordnung, amene amafika mpaka pa kukula kwa chipewa ndi mtundu wa ngolo. Alibe tchalitchi, amapemphera m'nyumba za akhristu mosinthana kamodzi pa masabata awiri, atakhala pa mabenchi opanda potsamira kwa maola pafupifupi atatu. Mnyamata akagwada kuti abatizidwe amalumbira kwa moyo wake wonse, ndipo amadziwa kuti tsiku lina maere angamugwere kuti akhale mlaliki, udindo wopanda malipiro umene sangaukane. Akaphwanya lumbirolo osalapa, m'mipingo yambiri mayi ake omubereka sadya naye patebulo limodzi. Inu amene mumasamuka mpingo chifukwa choti mkulu wa mpingo wakudzudzulani kamodzi kokha, kodi mungathe sabata imodzi m'moyo wotere? Walira mvula walira matope.

Komanso musanamizane kuti a Amish amaopa makina. Amakana magetsi a pa nthambo za kampani, koma ambiri ali ndi sola, mabatire ndi injini za dizilo zoziziritsa mkaka. Sakhala ndi galimoto yawoyawo, koma amalipira dalaivala akafuna kupita kutali. Foni yeniyeniyo ambiri anangoitulutsa m'nyumba n'kuimangira kakanyumba kunja, kumene nthawi zina mabanja angapo amagwiritsa ntchito imodzi, kuti isalire pa nthawi ya chakudya ndiponso kuti anthu asaleke kuyenderana. Funso limene amafunsa pa chida chilichonse ndi lakuti kodi chidzatani ndi banja ndi mpingo. Funso limeneli silifuna kavalo, ndipo mukanakhaladi ofuna kuphunzira kwa iwo, bwenzi mutayamba n'kusiya foni pabalaza pamene nsima yafika.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mawu amene ndamva kwa ena, akuti sukulu yambiri ilibe ntchito popeza ana a Amish amalekezera m'kalasi lachisanu ndi chitatu. N'zoona kuti mu 1972 Khoti Lalikulu la America, pa mlandu wa Wisconsin ndi Yoder, linawalola kutero. Koma mwana wawo akatuluka m'kalasi amalowa m'manja mwa bambo kapena amalume amene ali ndi munda, malo a ukalipentala kapena gulu la omanga nyumba, ndipo khola lake likadzapsa, mudzi wonse udzabwera kudzaimika lina m'masiku owerengeka. Mwana wanu mukamutulutsa mu Sitandade 8, ndani adzamugwire dzanja? Chimodzimodzinso ndi chipatala. A Amish amapita kwa madokotala, ndipo ngongole ikakula mpingo umasonkha. M'dera la Lancaster, ku Pennsylvania, kuli chipatala cha ana chimene chinayamba mu 1989 chifukwa cha matenda obadwa nawo amene amachuluka pakati pawo poti amakwatirana m'gulu laling'ono, nkhani imene timakanema tanu sitinena. Ndipo mu 1965 boma linawalola kusalipira ndalama za penshoni ya boma chifukwa chakuti okalamba awo amawasamala okha, m'kanyumba komangidwa moyandikana ndi nyumba ya ana awo. Inu amene mwatha miyezi osafunsa ngati agogo anu adya, musayerekeze kuwauza kuti koloboyi wawo ndi dalitso ngati la a Amish, pakuti agogowo mdimawo sanausankhe.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene muli ku America ndipo mumakonza maulendo okaona anthuwa ku Lancaster. Ngolo imayenda pafupifupi makilomita 10 pa ola, m'katimo muli makanda, ndipo kavalo akamva hutala pafupi amadzidzimuka. Ngozi za galimoto kugunda ngolo zimapha anthu m'madera amenewa, choncho chepetsani liwiro ndipo dikirani mpaka njira ioneke bwino musanapitirire. Musawaloze kamera kumaso, chifukwa kwa iwo kuima kuti ujambulidwe ndi kudzikweza, ndipo kukhala chete kwawo musakuyese chilolezo. Si nyama za kumalo osungirako zinyama, ndi anthu ali pa ntchito yawo.

Musapitenso kukafunsa kumene kunali sukulu ya Nickel Mines. Pa 2 Okutobala 2006 munthu wina woyendetsa galimoto ya mkaka analowa m'sukulu imeneyo n'kuwombera atsikana khumi, asanu anamwalira, kenako iye anadzipha. Tsiku lomwelo a Amish ena anapita kukatonthoza banja la wakuphayo, ndipo ambiri anafika pamaliro ake. Patangopita masiku khumi anagwetsa sukuluyo m'bandakucha, malowo n'kuwasiya kuti amere msipu, ndipo anamangira ana awo sukulu ina chapafupi. Mukafika pamenepo ndi foni m'manja mudzangopeza udzu, ndiponso makolo amene anaika ana awo m'manda akudutsa pa ngolo, akukuyang'anani.