Si chaja ya foni imene ikumaliza mayunitsi anu

Anthuni, nkhani ya mayunitsi a magetsi yadanitsa anthu ambiri m'nyumba za lendi muno mu Zomba, ndipo kawirikawiri amene amakalipiridwa si wolakwa. Mita ikangoyamba kulira, chala chimaloza mwana amene amachaja foni, kapena mlamu amene amakhalira TV masana onse. Kwinaku giza, thanki yotenthetsa madzi osamba ija, ili phee kudenga, yoyatsa kuyambira Januwale mpaka Disembala, palibe woitchula.

Ine ndikuti tisanakangane tiziyamba tawerengera. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tembenuzani chipangizo chilichonse, pansi kapena kumbuyo mupeza nambala yotsatana ndi W. Amenewo ndi mawati. Yunitsi imodzi imene timagula kwa ESCOM ndi mawati 1,000 atagwira ntchito ola lathunthu. Ndiye tengani mawatiwo, chulukitsani ndi maola amene chinthucho chimakhala choyaka, mugawe ndi 1,000. Yankho lake ndiwo mayunitsi.

Chaja wamba ya foni imakoka mawati 10 kapena kuchepera apo. Tinene kuti foni yadzaza pa maola awiri. Kuti yunitsi imodzi ithe, mwanayo achaje foni ka 50. Pomwe ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yunitsi yomweyo pa mphindi 30 zokha. TV yamakono ya mainchesi 32 imakoka mawati 50 kapena chapompo, moti ngakhale mlamu ataonera maola 6, sanafike ndi theka la yunitsi lomwe. Mwina amakutopetsani pa zifukwa zina, koma magetsi musamunamizire.

Chimene chimadya ndi chilichonse chotenthetsa: giza, kuka, hotipuleti, simbi, ketulo, hita. Ndipo mfumu yawo ndi giza. Kuti madzi okwana malita 150 achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7. Madziwo akazizirako, giza imadziyatsanso yokha, kaya pali wosamba kaya nonse muli kumaliro kumudzi. Kuno kwathu mu Juni ndi Julaye, chisanu chikamatsika m'phiri, madzi a pampopi amabwera ozizira kwambiri, ndiye giza imagwira ntchito nthawi yaitali kuposa mu Okutobala. N'chifukwa chake miyezi imeneyi anthu amadandaula kuti mita yayamba kuthamanga. Mita ndi yomweyo, nyengo ndiyo yasintha. Onjezanipo hita ya kuchipinda ya mawati 2,000, yoyaka kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku: mayunitsi 8 apita usiku umodzi. Koma kufunditsa ndowa ya malita 20 kuti munthu asambe sikumaliza ngakhale yunitsi imodzi. Sindikunena kuti muzule giza, ayi. Iyatseni ola limodzi kapena awiri anthu asanasambe, kenako izimitseni.

Tsopano nyemba. Apa ndi pamene ambiri sitifuna kumva. Mbale imodzi ya hotipuleti imakoka mawati pakati pa 1,000 ndi 1,500. Nyemba zouma, zongotola m'thumba n'kuponya m'poto, zimatha kukhala pamoto maola atatu. Mukaika pa moto waukulu nthawi yonseyo, mayunitsi atatu kapena anayi alowa m'poto umodzi. Ndiye wina wateleka nyemba m'mawa, poto wosavundikira, iye ali panja kucheza, madzi akaphwa akuthiramo ena ozizira, madzulo ndiye woyamba kufunsa kuti ndani wasiya babu la kubafa loyaka! Kuviika nyemba usiku kumafupikitsa nthawi yophika. Chivundikiro chimathandiza. Zikayamba kubwadamuka, chepetsani moto, chifukwa madzi owira satenthanso kupitirira pamenepo ngakhale mutaonjezera moto bwanji, amangophwa msanga. Ndipo mbale ya hotipuleti imasunga kutentha, mutha kuzimitsa ndiwo zisanapse kwenikweni, zimalizika zokha.

Pali amene amati ndiye bola makala. Ndikuwamvetsa, makamaka magetsi akamazimazima. Koma funsani mtengo wa thumba la makala lero, muone kuti likukutengerani masiku angati, kenako muwerengere mayunitsi ophikira masiku omwewo. Muonenso mmene mitengo yathera m'mapiri otizungulira.

Koma mawati paokha sanena zonse, nthawi nayo imawerengedwa. Simbi imakoka kwambiri, koma ngati mumasita kamodzi pa sabata, siili pamwamba pa mndandanda. Vuto limabwera aliyense akamasita shati imodzi m'mawa uliwonse, simbi kutentha n'kuzizira kasanu. Kumbali ina kuli babu la panja lija lakale la mawati 100, loyaka maola 12 usiku uliwonse. Pa masiku 30 ndi mayunitsi 36. Babu la LED la mawati 10, kuwala kwake kokwanira bwinobwino, pa nthawi yomweyo limadya mayunitsi 3.6. Eni nyumba ena ali ndi mababu akale aja anayi kuzungulira mpanda, ndipo onse ali pa mita ya alendi.

Filiji ndi yovuta kuiweruza poona nambala ya kumbuyo, chifukwa injini yake imalira n'kupuma, kulira n'kupuma. Yabwinobwino imadya yunitsi imodzi kapena awiri pa tsiku. Koma filiji yakale, imene labala wa pachitseko anatha, siipuma. Panani kapepala pachitseko n'kutseka. Mukakakoka n'kutuluka mosavuta, mpweya wozizira ukuthawira pomwepo. Kuikamo ndiwo zotentha, kuigunditsa kukhoma, kusiya madzi oundana achite chiphiri mkati, zonsezi zimaigwiritsa ntchito yoposa muyezo.

Nanga ngati malemba a mawati pa chipangizo anafufutika? Mita yomweyo ikuuzani. Lembani mayunitsi amene atsala, zimitsani zina zonse, yatsani chimene mukuchikayikiracho kwa ola limodzi, mukaonenso. Filiji iyeseni usiku wonse, anthu atagona. Mita zambiri zilinso ndi kagetsi kofiira kophethira. Yatsani ketulo muone mmene kakuphethirira mothamanga, kenako muzimitse n'kusiya chaja yokha. Mudikira mpaka kutopa.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi kagawidwe ka ndalama pa mita imodzi. Ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali, kuli mapuloti ambiri amene mabanja atatu kapena anayi amasonkha mofanana mwezi uliwonse. Kufananako kumaoneka ngati chilungamo, koma sichoncho. Mwana wasukulu wa ku yunivesite amene ali ndi laputopu, foni ndi babu limodzi akulipira chimodzimodzi ndi banja limene limaphika katatu pa tsiku pa kuka, lilinso ndi filiji yaikulu yoziziritsa thobwa wogulitsa. Pena zimakhala mosemphana: m'chipinda chimodzi muli ana asukulu anayi, aliyense ndi hotipuleti yake pansi pa bedi, kwinaku akulumbira kuti amadya kumsika. Kuwerenga mitu ya anthu sikuthandiza, kuwerenga zipinda sikuthandizanso. Khalani pansi Loweruka lina, aliyense atulutse zipangizo zake, mulembe mawati ndi maola, aliyense asonkhe molingana ndi zimene akudya. Wobisa hotipuleti mita imugwira yokha nthawi ya nkhomaliro.

Ndipo inu alandilodi, pali timamita ting'onoting'ono toika pa khomo lililonse kuti aliyense aziona zake. Itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito, wokhala ndi chiphaso, adzakuikireni. Musatume mwana wa achimwene anu chifukwa choti anakonzapo wailesi.