Wamkulu kusewera ndi timawaya si misala

Maganizo anga lero apita kwa inu akuluakulu amene mumabisa kabokosi ka timawaya ndi tizipangizo ta zamagetsi kunsi kwa bedi, kuopa kuti alamu akabwera angakusekeni.

Tonse timamunyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anamanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola komanso njinga yakale. Koma bambo kapena mayi wa zaka 40 akachita zonga zomwezo Loweruka masana, timati zachibwana, kenako funso lija: "Nanga zimenezi zikubweretsa zingati?" Funso limeneli sitimufunsa amene waswera pa bawo, kapena amene amadziwa pamtima osewera onse a Bullets ndi Wanderers kuyambira kalekale. Ameneyo timangoti amakonda mpira, nkhani yatha. Ndiye kabokosiko katulutseni, kakhale patebulo poyera. Chidwi sichifunika kupereka lisiti kwa wina aliyense.

Chimene chimagwetsa ambiri oyamba atakula si kusekedwa ayi, koma kugula zipangizo zodzaza thumba popanda kumaliza kanthu. Yambani ndi zochepa: Arduino Uno imodzi (kabolodi kamene mumakalamula ndi pulogalamu ya pakompyuta), breadboard (kabolodi ka mabowo kobayapo timawaya poyeserera), timawaya tolumikizira, ma LED angapo (timababu ting'onoting'ono), ma resistor a 220 ohm (ochepetsa magetsi odutsa) ndi multimeter (choyezera magetsi). Arduino inayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, ndipo anaikonzera ophunzira amene sanali mainjiniya. Pulogalamu yake ya Arduino IDE ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale, ndipo mukamaliza kuitsitsa ndi zofunika zake simufunikanso bandulo kuti muigwiritse ntchito.

Tsiku loyamba kompyuta ikhoza kukana kuiona bolodi. Musathamangire kunena kuti mwagula yakufa. Mabolodi ambiri otchipa ali ndi kachipu kolembedwa CH340, kamene kamafuna driver yakeyake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuizindikira bolodiyo. Ngati mukugwiritsa ntchito bolodi yolowa chingwe cha foni, dziwaninso kuti zingwe zina n'zotchajira basi, zilibe mawaya otumizira uthenga. Bolodi imayaka bwinobwino koma kompyuta ili duu.

LED ili ndi miyendo iwiri, ndipo wautali ndiwo wa positive. Mukaitembenuza siyaka, komanso siwonongeka pa 5V. Chimene chimaiwononga ndi kuiika yopanda resistor. Masamu ake ndi apafupi: Uno imatulutsa 5V, LED yofiira imadya pafupifupi 2V, zotsala ndi 3V. Gawani 3 ndi 220, mupeza pafupifupi 0.014A, ndiye kuti 14mA, zomwe zili bwino chifukwa pini imodzi ya Uno, kabowo kolumikizapo waya, siyenera kupyola 20mA. Pa chifukwa chomwechi, mota kapena kapampu musakalumikize pa pini mwachindunji. Pamafunika transistor kapena relay yogwira ntchito ngati switchi, magetsi akeake, ndi diode (yodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha) ngati 1N4007 yopingasa motayo, chifukwa mota ikamazima imabweza magetsi amene amapha chipu. Ndipo GND (mbali ya negative) ya Arduino ndi ya batire la motayo zikumane. Kuiwala kawaya kamodzi kameneka kumapangitsa zinthu kuyaka ndi kuzima zokha ngati muli mizimu.

Mukatha kuphethiritsa LED, pitani pa chinthu chimene apabanja angachione phindu. Ine ndimalimbikitsa choyezera madzi a m'thanki, poti kukwera pamwamba kukasuzumira aliyense kumamutopetsa. Sensa ya HC-SR04 ili ndi mapini anayi: VCC, Trig, Echo ndi GND. Mumatumiza kamphamvu ka ma microsecond 10 pa Trig, iyo imatulutsa phokoso la 40kHz limene khutu silimva, phokosolo limagunda pamadzi n'kubwerera. Nthawi imene Echo yawerenga, m'ma microsecond, muigawe ndi 58, mwapeza masentimita. Ngati kuchoka pa sensa kukafika pansi pa thanki pali masentimita 150 ndipo yawerenga 60, madzi alipo masentimita 90. Ikani ma LED atatu kukhitchini, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira, osonyeza kuchuluka kwa madzi, aliyense aziona yekha.

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Sensa ikhale pakati pa chivundikiro, yoyang'ana pansi mowongoka. Ikapendekeka kapena ikayandikira khoma ndi paipi yolowetsa madzi, imayeza khomalo. Madzi akamalowa pamwamba pamagavira, manambala n'kumadumphadumpha, choncho yezani kasanu, sanjani manambalawo, mutenge lapakati. Vuto lalikulu ndi chinyezi. M'thanki yotseka mumachita thukuta usiku, ndipo HC-SR04 imachita dzimbiri msanga. Phunzirirani pa iyo mu chidebe, koma ya m'thanki ikhale JSN-SR04T yosalowa madzi. Imeneyinso ili ndi khalidwe lake: siona chinthu chimene chayandikira kuposa masentimita pafupifupi 20 mpaka 25, ndiye isiyireni mpata umenewo pamwamba pa madzi odzaza. Amene mukufuna kuti nambala izibwera pa foni mudzasamukira ku bolodi ya ESP32, yomwe ili ndi WiFi, koma mapini ake ndi a 3.3V. Echo ya 5V muitsitse ndi ma resistor awiri, 1k ndi 2k, apo ayi mudzagulanso bolodi.

Breadboard ndi yoyeserera chabe. Chinthu chokhalitsa chimafuna kuwotcherera. Waya wowotcherera wa 60/40 amasungunuka pafupifupi pa 190°C, koma chitsulo chowotcherera chikhale pa 330 mpaka 350°C. Gunditsani nsonga pa mwendo ndi pa bolodi nthawi imodzi, dikirani masekondi awiri, ndipo wayayo mumugunditse pa mwendowo osati pa chitsulo. Powotcherera bwino pamawala, pamakhala ngati kachulu. Pakakhala kampira kotuwa ndiye kuti sipanagwire, ndipo padzakuvutitsani mwezi wamawa. Wayayu ali ndi mtovu: tsegulani zenera, sambani m'manja musanagwire nsima, ndipo ana asaseweretse tizidutswa.

Za mabatire ndiyankhule mosapsatira. Mu batire la laputopu yakufa mumapezeka maselo a 18650, ndipo ena amakhala amoyo. Selo lodzaza limawerenga 4.2V. Limene mwalipeza pansi pa 2.5V, lotupa, ladzimbiri kapena long'ambika chikopa, lisiyeni. Tchajani limodzilimodzi ndi kabolodi ka TP4056 kokhala ndi chitetezo, pa simenti osati pa matiresi, inu muli pompo. Likayamba kutentha chotsani. Moto wa batire lotere suzima msanga. Multimeter nayonso ili ndi msampha: mukayeza ma amp, bwezerani waya wofiira pa bowo la V. Mukaiwala n'kukagunditsa pa batire, fyuzi yapsa. Magetsi a pakhoma a 230V musawayandikire konse mukadali ophunzira, ndipo tchaja kapena TV yozimitsa isakupusitseni, tizipangizo take totchedwa ma capacitor timasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi.

Kunyumba, gwirizanani ndi akunyumba kwanu ndalama ya pamwezi ya zimenezi, isakhudze ya ndiwo ndi fizi, ndipo wailesi imene ikulira musaiphwasule chifukwa cha chidwi. Zophwasula kaguleni kwa okonza mafoni ndi mawailesi kumsika. Anthu amenewa ambiri timangowadutsa, koma amachotsa kachipu kochepa ngati njere ya mpunga osawononga koyandikana nako. Pitani mwaulemu nthawi imene kulibe makasitomala, gulani mabolodi akufa, muwalipire kanthu kuti akuonetseni kagwiridwe ka chitsulo. Pa bolodi imodzi ya wailesi yakufa mupezapo ma resistor, ma diode, ma capacitor ndi timaswitchi tokwanira kuphunzirira kuwotcherera osakhudza Arduino yanu.